Matumba Amene Foni Sinawerenge

Mdzukulu wanga woyamba amanyamula matumba kunyumba yosungiramo katundu, ndipo anzake amamutcha Thirakitala. Dzinalo sindilikonda, koma sindingalitsutse: thumba limene ena amagwirizira awiri, iye amaliponya paphewa yekha. Ndinamulera ine kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bambo ake, mwana wanga, atagwa pakhomo la bafa ndi matenda othamanga magazi, osadzukanso. Pano amakhala yekha m'chipinda cha lendi, mpando umodzi, mbale imodzi. Mkazi wake anachoka kalekale, ndipo za ameneyo sindilemba.

Chaka chatha kuntchito kwawo kunabwera achipatala kudzayeza anthu. Anamuuza kuti magazi akuthamanga, achepetse thupi. Ine sanandiuze. Anangokumbukira bambo ake n'kutsegula pulogalamu ya pafoni yothandiza kuchepetsa thupi. Foniyo inamufunsa msinkhu ndi kulemera kwake, kenako inafunsa ngati amachita masewera olimbitsa thupi. Mwana wosadziwa kunama, anayankha kuti ayi, mpira anausiya ali pasukulu. Foni inamuyesa munthu wongokhala pampando muofesi, n'kumugawira makalori 1,500 patsiku. Makalori ndiwo muyeso wa mphamvu ya m'chakudya. Nanenso ndawadziwira pa nkhani yomweyi.

Lamlungu lililonse ankadzadya kwa ine. Anasiya. "Ndatanganidwa, agogo." Ankadziwa kuti ine mbale ndimadzaza mpaka m'mphepete. Masabata asanu ndinkaphika za anthu awiri n'kudya ndekha, khutu lili kugeti. Kuntchitonso anasiya kukhala ndi anzake pakhonde masana, poti ankamuseka: "Thirakitala, dizilo wako lero ndi dzira limodzi?" Ankakabisala kuseri kwa matumba, iye ndi dzira lake ndi nthochi.

Lachinayi lina kapitawo wawo anandiimbira, chifukwa pafomu ya wachibale palibe dzina lina koma langa. Mwana anachita chizungulire thumba lili paphewa, n'kugwa. Ndinamupeza kuchipatala atakhala pabenchi, milomo ili mbuu, lamba atabooledwa mabowo awiri atsopano.

Namwino anali mayi wachikulire, wosapupuluma. Anayang'ana nambala ya makalori ija pafoni.

"Achimwene, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimanyamula matumba."

"Angati patsiku?"

"Mazana awiri, mwina kuposa. A makilo fifite."

"Ndiye munaiuza foni kuti mumangokhala?"

"Inafunsa za masewera, mayi. Ine sindisewera, ndimagwira ntchito."

"Thupi lanu silisiyanitsa zimenezo. Thukuta ndi thukuta."

Anatenga pepala n'kumulembera. Anati patsiku la ntchito thupi ngati lakelo limawotcha makalori oposa 3,000. Achotsepo 500 okha, kuti azitsika theka la kilo pasabata, ndipo asamayambe ntchito m'mimba muli pululu. "Tikufuna muchepe, osati muthe."

Ndinati, "Wamva? Uzidya."

Namwinoyo ananditembenukira. "Nanga inu agogo, mafuta ndi mchere mumathira bwanji?"

Chibadwire palibe amene anandifunsapo za mphika wanga. Koma ndi mphika womwewo umene unalera bambo ake, ndipo panjira pobwerera mawu amenewo ankangondilira m'mutu.

Tsopano Lamlungu amabweranso, kasikelo kali m'thumba la jekete. Amayeza mpunga ine ndikuyang'ana kumbali. Mafuta ndimathira ndi supuni, dzanja likukana. Makilo asanu ndi limodzi apita, ndipo matumba akunyamulabe kuposa aliyense pamalopo. Zimenezi anandiuza ndi kapitawo, si zodzitama zanga. Koma masana amadyerabe kuseri kwa matumba. Akuti anazolowera, kumeneko kulibe womuwerengera masupuni.

Pepala la namwino ndinalimata pakhoma, pansi pa chithunzi cha bambo ake. Iwo anapita ali ndi zaka 41. Uyu ali ndi 34.

Sabata yatha atamaliza kudya anati, "Nyemba zakoma, agogo." Zinalibe mchere, limenelo ndi bodza lake loyamba limene ndamugwira nalo. Ndinamuperekeza mpaka pageti, n'kubwerera kudzatsuka mbale ziwiri, pang'onopang'ono.