Chaka Chimene Nkhanu Zinafa

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala kamtondo kong'ambika mlomo, kovundikira pansi pa mtengo wa pichesi. Sitinkasinjiramo chakudya. M'kati mwake munali mobiriwira, ndipo ukanunkhiza pafupi mphuno zinkayabwa. Amayi ankasinjiramo masamba a katupe basi, mankhwala oledzeretsa nsomba aja, ndipo zitsamba zake anazibzala ngati mpanda kuzungulira bafa.

Mudzi wathu uli m'mapiri a ku Tsangano, m'mbali mwa kamtsinje kamene madzi ake amakathera mu Revubwe. Kumtunda kunali madimba a ife amene makolo athu anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Kumunsi kunali mabanja akale a ng'ombe. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi, koma aliyense ankadziwa amene anapatsa malo ndi amene anapatsidwa. Bambo anga anamwalira ndili wakhanda, choncho dimba lija ndi limene linkatidyetsa amayi ndi ine.

Kamodzi pa chilimwe, madzi akaphwa n'kutsala maiwe, amayi a m'mudzi ankatseka dziwe limodzi ndi miyala ndi udzu. Amayi anga ankathiramo katupe. Posakhalitsa matemba ankayandama mimba zili m'mwamba, ife ana n'kumawola ndi malichero. Kukacha madzi ankakhala atayera, nkhanu zikuyenda pansi pa miyala monga kale. Akumtunda ndi akumunsi omwe ankadya nsombazo.

Lero ndimagwira ntchito yoyeza madzi a m'mitsinje, ndipo m'midzi ndimaphunzitsa kuti katupe ngoletsedwa. Lamulolo ndi labwino. Pophunzitsapo sinditchula za amayi anga.

Chaka chimene nkhanu zinafa ndinali mu telesera, kalasi yachitatu, kusukulu. Patapita masiku ochepa chithirireni katupe, ndinatsikira kumtsinje kukagwira nkhanu. Ndinayamba kumva fungo ndisanaone madzi, fungo ngati la parafini wosakaniza ndi anyezi wowola. Nkhanu zinali pamwamba pa miyala dzuwa likuswa mtengo, zitafa. Achule anali atatambalala m'matope, miyendo itawongoka. Chimene ndimakumbukira kwambiri n'chakuti panalibe nyerere ngakhale imodzi pa mitembo yonseyo.

Sabata yomweyo mathole a bambo wina wakumunsi anafa akutuluka thovu kukamwa. Ana a pakhomo lina anayamba kusanza, ndipo anawatengera kuchipatala pa njinga. Anachira, koma mudzi unali utayamba kale kufunafuna munthu.

Panalibe amene ananena poyera. Amayi akafika potunga madzi, nkhani zinkatha, ndowa n'kumasendezedwa pang'onopang'ono. Mayi wina wakumunsi, amene ankadzaza dengu kuposa onse tsiku la katupe, anawafunsa akumwetulira kuti, "Lero mwatisinjira chiyani, amake mwana?" Kusukulu tinkabwera ndi madzi owaza m'kalasi kuti fumbi ligone. Aphunzitsi anandiuza kuti kachigubu kanga ndikasiye panja. Tsiku lomwelo anatiphunzitsa za kusamala mitsinje, ndipo phunziro lonse anayang'ana pazenera. Anzanga ndi amene ankandiyang'ana ine.

Ndikuudziwa bwino tsopano mtundu wa chete ameneyo. Mkazi wanga anamwalira chaka chatha, atadwala impso kwa kanthawi kochepa. Pamaliro alongo ake anandipatsa moni mwaulemu wonse, koma chakudya chimene ndinawatumizira sanachikhudze. Ankandikayikira ine, ndipo inenso ndinali ndi chimene ndinkachikayikira: madzi. Ndinatunga madzi a pampopi wathu, a pachitsime cha kwawo, a m'ndowa ya m'khitchini, ndinakawayeza ndekha mobwerezabwereza. Sindinapezemo kanthu. Za iye ndilekeza pomwepa.

Loweruka lina m'mawa amayi anandiuza kuti tipite kunkhuni. Sanatenge nkhwangwa. Tinatsata mtsinje chokwera, iwo patsogolo, akugubuduza miyala ndi ndodo. Pansi pa mwala uliwonse panali zakufa zokhazokha. Tinafika padziwe limene anathira katupe, tinalipitirira, ndipo kumtunda kwakenso nkhanu zinali zakufa.

"Katupe wanga anakwera bwanji phiri?" anatero amayi. Sankafunsa ine.

Tinakwerabe mpaka pamwala wina waphanthi pamene udzu wa m'mphepete unali utapsa ngati authira madzi otentha. Pamenepo fungo lija linali lamphamvu. Nditayenda pang'ono kupitirira mwalawo ndinapeza ambululu akusambira, ndipo nkhanu ina inandithawa. Ndinakondwa, ndinawaitana amayi kuti adzaone. Sanabwere. Anali ataima akuyang'ana chakumtunda kwa gombe, kumunda wa amalume wa kachewere, mbatatesi ija.

Amalume anali mchimwene wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Anakhalako zaka zingapo ku Furancungo pa minda ya fodya, ndipo anabwerako ndi bomba, mpope wobereka kumsana wopopera mbewu, ndi mabotolo a mankhwala opanda pepala. Kachewere wawo anali wobiriwira kuposa wa wina aliyense. Tsiku limenelo bombayo inali itakolekedwa pamtengo, chivindikiro chili chotsegula.

"Tola nkhuni," anatero amayi. Tinatola tinthambi ta m'njira, tinabwerera.

Maphunziro anga sandilola kunena kuti umenewo unali umboni. Pamwala umenewo ankachapirapo anthu ambiri. Bombayo inkabwerekedwa ndi theka la mudzi. Madzi ofunika kuwayeza anali atadutsa kale, ndipo panalibe amene anatungako n'kusunga. Ndikanakhala kuti ndatumidwa lero kukafufuza nkhani ngati imeneyo, ndikanalemba kuti gwero lake silikudziwika. Komabe sindinasiye kuwakayikira amalume.

A sekeretariyo, oimira boma m'dera lathu, anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Kwathu mkazi akakhala ndi mlandu amamuyankhulira ndi mlongo wake. Choncho m'mawa wa tsikulo amalume anafika atavala jekete, anakhala pakhonde n'kumamanga zingwe za nsapato. Amayi anagwada chapatali.

"Achimwene, tinapita kumtunda ine ndi mwanayu."

Amalume sanadzutse mutu. "Kumtunda kuli nkhuni zabwino," anatero. Anamaliza kumanga nsapato inayo, ndipo tinanyamuka.

Mwini mathole uja anayankhula koyamba. Ankafuna kuti nkhani ipite kupolisi, ndiponso kuti anthu obwera aziuzidwa malire awo. Kenako anaimirira amalume. Anayankhula bwino, mofatsa, chipewa chili m'manja. Anati mlongo wawo ndi mkazi wamasiye, wopanda mtima woipa, koma chaka chino dzanja linalemera, anachulutsa katupe. Anapepesa m'malo mwake. Anati iwo monga mwini mbumba akuvomera kuti zitsamba zidulidwe, kamtondo katenthedwe, ndipo dimba la m'mbali mwa mtsinje libwerere kwa eni ake kuti mitima igwe.

Ine ndinkayang'ana pakamwa pa amayi. Ndinkadikira kuti anene za miyala ija, za ambululu, za udzu wakupsa. A sekeretariyo anawafunsa ngati ali ndi mawu owonjezera. Amayi anakonza mpango wawo kumutu.

"Anena kale achimwene," anatero.

Pobalalika anthu ankawagwira chanza amalume. Ndinamva aphunzitsi akuti mkazi amene ali ndi mlongo wotere ali ndi mwayi.

Zitsambazo anadula okha amayi tsiku lomwelo. Kabichi ndi tomato wathu anauma tikumuona, chifukwa mwini dimba watsopano sanafune kudya zobzala iwo. Amayi anayamba kugwira ganyu m'minda ya anthu. Kumtsinje sanapitenso. Madzi ankakatunga pakasupe wa m'phiri, ulendo wotenga m'mawa wonse, ndipo khosi linkawapweteka mpaka ndinaphunzira kuwathowa ndi nsalu yotentha. Nkhanu zinabwerera patapita nthawi. Mudzi unati n'chifukwa chakuti katupe anatha. Ine ndinaona kuti amalume anakumba dzenje pakati pa munda wawo, kutali ndi gombe, ndipo bomba ankatsukira mmenemo. Sanauze munthu chifukwa chake.

Ndiyeneranso kunena ichi. Amalume ndi amene anandiphunzitsa mpaka ku koleji ku Tete. Ndi amene anakandifunsirira mbeta, ndiponso ndi amene anakhala pambali panga pamanda chaka chatha, atandigwira mkono. Sindinawafunsepo za chaka chimenecho, ndipo amayi anamwalira osatchulanso.

Mvula yoyamba itagwa chaka chija, amalume anabwera kwathu ndi thumba la kachewere panjinga. Analitsitsa pakhonde, thukuta lili kamukamu. Amayi anagwada, anawomba m'manja, anathokoza monga mwa mwambo. Amalume anapempha madzi akumwa. Amayi anatunga mumtsuko n'kupereka chikho ndi manja awiri.

"Ozizira bwanji," anatero amalume atalawa. "Madzi awa mukutunga kuti, achemwali?"

"Kumtunda kwa munda wanu, achimwene."

Amalume anagwira chikhocho pafupi ndi pakamwa kwa kanthawi. Kenako anamwa onse mpaka dontho lomaliza. Anayang'anizana ndi amayi, ndipo onse awiri anaseka, kuseka kwakufupi kosaoneka mano. Amayi anadzuka kukasenda kachewere uja, amalume anatsala akukonza tcheni cha njinga.

Ine ndinaima pakhomo nditakwiya ndi onse awiri. Ndinkaganiza kuti munthu akadziwa amene wamulakwira amanena, ndipo akapanda kunena ndiye kuti sakudziwa. Sindinkamvetsa kuti amayi anali ndi mlongo mmodzi yekha pa dziko lonse, m'mudzi umene sunali wawo, ndiponso kuti ankaphika chakudya chimenecho akudziwa bwino chimene chinagula: kukhala chete kwawo pamsonkhano paja.