Manja a Rowena

Ntchito ya m'mafilimu ndinaipezera mu saluni ina ku Al Mankhool, kumene ndinkaluka tsitsi ndi kudzoza akwatibwi. Ine ndine munthu wosakhazikika, mayi anga ankati ndimakhala pampando ndi tako limodzi, ndipo saluniyo inali itandikwana. Tsiku lina kunabwera mayi wa ku Lebanon, dzina lake Rima, ataperekeza mnzake wa ku Sudan amene ankakwatiwa. Anaima kumbuyo kwanga n'kumaonerera ndikusakaniza mitundu ya fawundeshoni kuti igwirizane ndi khungu la mkwatibwi. Nditamaliza anandifunsa ngati ndingapirire kuimirira tsiku lonse pa dzuwa. Ndinati ndinakulira ku Balaka, dzuwa si mlendo kwa ine. Sipanapite nthawi, visa yanga inasamukira ku kampani yawo yojambula mafilimu ku Al Qusais. Amene anakhalako ku Dubai akudziwa tanthauzo lake: ntchito ikatha, chilolezo chokhalira m'dzikomo chimatha nayo limodzi.

Madam Rima anandiphunzitsa mosanyengerera. Zida zonse zinkakhala m'bokosi la matayala: maburashi, masiponji, pawudala, guluu wa mawigi, mapini, ndi kambale kachitsulo kosakanizirapo mitundu pamodzi ndi kampeni kake kobuntha. Mtundu suuyesa padzanja lako. Umauyesa pansagwada ya munthuyo, kumutulutsa panja kuti umuone pa dzuwa, kenako kumubweza pansi pa magetsi a kamera, chifukwa magetsiwo amasintha maonekedwe a khungu. Ukamaliza umamujambula ndi foni kutsogolo ndi m'mbali kuti mawa nkhope idzafanane ndi ya lero. Akamajambula umaima kuseri kwa kamera ndi tishu m'manja, dayilekita akangoti aime kaye umathamanga kukachotsa thukuta, osati mosisita koma mogundagunda pang'ono. Poweruka maburashi onse amalowa m'spiriti. "Burashi yosatsuka ndi matenda," ankatero Madam Rima. "Yalla, fulumira, tsukanso."

Ntchitoyo ndinaikonda, ndisaname. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, m'mawa ndinkathamangira sitima ndi mtima wonse.

Titamaliza timafilimu tingapo totsatsa malonda, kunabwera filimu yaikulu. Inali nkhani ya mayi wa ku Philippines wogwira ntchito ya m'nyumba kuno, amene anasiya ana ake kwawo n'kumalera a eni. Azimayi ambiri a ku Philippines anabwera kudzayesedwa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Rowena, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, iye bedi la pansi, ine la pamwamba. Ankagulitsa nsapato m'sitolo ina ku Downtown, koma kwawo anachita zisudzo zaka zambiri. Ndinkamutcha Ate Rowena, chifukwa kwawo ndi mmene amaitanira mkulu wako wamkazi. Anamuyesa kangapo, kenako anamuimbira kuti watengedwa pa mbali yofunika kwambiri. Anavina m'khitchini ndi mthiko m'manja, n'kuimbira ana ake kuti mayi awo akaoneka pa kanema.

Tsiku lojambula tinali m'nyumba ina yaikulu yomwe kampani inabwereka. Nditalowa m'chipinda chodzolera ndinapeza pampando waukulu pali mtsikana wachizungu wa tsitsi loyera, atavala yunifomu ya pinki ya antchito a m'nyumba. Rowena anali pa kampando ka pambali, atavala yunifomu yofanana ndi imeneyo. Ndinakokera Madam Rima pakona n'kuwafunsa kuti mzunguyu ndi ndani.

"Ndiye mwini mbali yaikulu. Amene aika ndalama akufuna nkhope yoti anthu a kunja aigule."

"Nanga Rowena?"

"Rowena ndi manja."

Nkhani yake inali yakuti mufilimumo mayi uja amapala nsomba, kuitumbula ndi kuidula mwachangu. Mzunguyo sanagwirepo nsomba yaiwisi. Ndiye kamera ikayandikira pa thabwa, manja adzakhala a Rowena, ikakwera kumaso, nkhope idzakhala ya mzungu. Ntchito yathu inali yoti awiriwa aoneke ngati munthu mmodzi.

Madam Rima anagwira dzanja la Rowena n'kuligunditsa pa tsaya la mzungu uja. "Tiya, ndikufuna mtundu uwu." Dzina langa ndi Tiyamike, koma iwo linkawatalikira. Ndinatenga kambale ndi kampeni n'kuyamba kusakaniza, wachikasu pang'ono, wofiirira pang'ono, kuyesa pansagwada, kuonjezera. Rowena poyamba ankamwetulira. Kenako anaona wigi ya tsitsi lakuda ikutuluka m'thumba. Anaona Madam Rima akudula tizidutswa ta tepi, kutimata m'mbali mwa maso a mtsikanayo n'kukokera khungu kumbuyo, pansi pa wigi, kuti maso achepe. Kumwetulira kuja kunazima. Mzunguyo sanali munthu woipa mtima, anatembenuka n'kumuuza mwaulemu kuti ali ndi manja okongola. Ine burashi yanga inapitiriza kuyenda.

Tinalowa m'khitchini. Nsomba inali pa thabwa, magetsi ayaka, kamera yatsitsidwa kuti ione manja okha. Anamuuza Rowena kuti abweze mutu kumbuyo pang'ono, chibwano chisalowe m'chithunzi. Dayilekita anakuwa kuti ayambe. Rowena anatola mpeni, anauyang'ana, anauika pansi bwinobwino, n'kubisa manja onse awiri m'khwapa.

"Munandiyesa ndi nkhope yomweyi ndipo munaombera m'manja," anatero, osakweza mawu. "Ngati siikukwanira kuonedwa, manjawa amayenda nayo limodzi. Khalas, zatha."

Dayilekita anayesa kufotokoza za msika, za anthu a ndalama, za mwayi wa mawa. Rowena anamufunsa ngati m'Dubai monse, mmene azimayi a kwawo adzazira m'masitolo, m'zipatala ndi m'nyumba za anthu, munasowa nkhope imodzi yoti inene nkhani yawoyawo. Anavula epuloni n'kutuluka. Azimayi ena a ku Philippines amene anawatenga kuti azingodutsa kumbuyo kwa chithunzi anadzuka mwakachetechete n'kumutsatira.

M'khitchinimo munatsala phokoso la mafani okha. Nsomba inayamba kununkha ndi kutentha kwa magetsi. Dayilekita ankazungulirazungulira, akufunsa ngati palibe wina wodziwa kupala nsomba. Ine ndinayang'ana pansi, koma Madam Rima ankadziwa za nsomba zimene ndimanyamula m'kontena masana. Anabwera, anagwira manja anga n'kuwatembenuza uku ndi uku ngati akusankha chinangwa pamsika.

"Zala ndi zabwino," anauza dayilekita. "Tiwayeretsa. Mtundu uli kale pa kambale."

Ndinaona ngati sindinamve bwino. Mtundu umene ndinasakaniza ndekha m'mawa womwewo, potengera dzanja la mnzanga, tsopano ankafuna aupake pa ine mpaka m'zigongono. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ine sichinadikire n'komwe kuti kuche.

Madam Rima anatsitsa mawu. "Habibti, wokondedwa wanga, ndi kanthawi kochepa chabe. Ganizira visa yako."

Ndinaiganizira ndithu. Ndinaganizira za kubwerera ku Balaka ndi chikwama chokha, anthu akufunsa kuti ku Dubai kuja kwatha bwanji. Koma siponji itangokhudza kuseri kwa dzanja langa, kadontho kotuwa katakhala pakhungu, thupi lonse linakana lokha. Ndinabweza dzanja n'kulipukuta ndi tishu yomwe ija ya thukuta.

"Madam, manja awa ndi akuda, ndipo akhala akuda. Mnzanga wakana ndi ake, ine sindingalowe m'malo mwake ndi anga."

Sanakalipe. Anangoti ndisiye bokosi ndizipita, za ofesi ndimva.

Pageti ndinapeza a Phiri, mlonda wa ku Chipata amene tinkachezerana m'chinenero chathu. Anandiyang'ana modabwa.

"Asisi, mwaweruka dzuwa likali pamutu?"

"Andifaya, a Phiri."

"Iye! Manje visa muzachita nayo bwanji?"

"Kaya. Inshallah."

"Inshallah sapatsa sitampu, asisi," anatero akupukusa mutu, koma ananditsegulira geti mwaulemu ngati ndine bwana.

Masabata otsatira anali owawa. Ndinkakwera sitima m'mawa n'kumatsika siteshoni iliyonse, kugogoda m'masaluni ndi m'makampani ena ojambula. Nkhani inali itandifikira patsogolo, ankandiyang'ana ngati munthu woyambitsa mapokoso. Chakudya sichinkalowa, kukhala pansi kunkandikanika. Masiku ena ndinkamukwiyira Rowena mumtima, n'kumadzifunsa kuti nkhondo ya anthu a ku Asia yandigwera bwanji ine mwana wa ku Balaka. Kenako ndinkamumva pa bedi la pansi akuuza ana ake pa foni kuti za kanema zija aiwale, akuyesetsa kuseka, mkwiyo wanga n'kusanduka manyazi. Nthawi yondilola kukhala m'dzikomo itatsala pang'ono kutha, ndinabwerera ku saluni yakale ija. Mwini wake anandiimika pakhomo kaye kuti ndimve kukoma kwa kuthawa, kenako anandilandira n'kundibwezeretsera visa.

Filimuyo inatuluka. Kachidutswa kake tinakaonera pa foni ndi Rowena, titakhala pa bedi lake. Mzungu uja anali m'khitchini yomwe ija, wigi kumutu, maso okokedwa, akulimbana ndi nsomba atavala magolovesi achikasu otsukira mbale. Basi, vuto lonse analithetsa ndi magolovesi a m'sitolo. Rowena anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Ine zinandipweteka kwambiri kuona kuti ntchito imene ndinkaikonda inathera pa chinthu chotchipa chotero.

Chimene ndinatolapo ndi chakuti bokosi la zodzoladzola limatha kufufuta munthu iye ali chikhalire pambali pako. Ndiye masiku ano ndikapita kukafunsira ntchito ya kamera, ndisanaonetse n'komwe zithunzi za ntchito yanga, ndimafunsa kuti nkhani ndi ya ndani, ndipo amene aisewere ndi ndani. Funso limeneli salikonda. Amandiperekeza pakhomo mwaulemu n'kunena kuti andiimbira. Kamera ndimaisowa tsiku lililonse, ndipo foni sinalirebe, koma ndimafunsabe.