Masamba Amene Ndinayala Panjira ya Kuphiri

Tinanyamuka kwathu ku Namitambo Lachisanu m'mawa, wotchi ya m'thumba ya bambo ikuti sikisi koloko. Tinalipo anayi: bambo, amene amaphunzitsa pasukulu ya m'mudzi mwathu, mayi, amalume a Nampinga, mlongo wawo wa mayi, ndi ine Esitere, wa chaka chachiwiri ku sekondale. Tinkapita kukakwera phiri la Chiradzulu ndi kukagona komweko usiku umodzi, osati chifukwa cha vuto lililonse, koma kukasangalala basi.

Ulendowu ndinauyambitsa ndine. Kusukulu tinawerenga kuti mabanja a ku Ulaya, nyengo yotentha ikafika, amasiya nyumba zawo zabwinobwino n'kukagona m'mapiri, ndipo amabwerako ali ndi thanzi ndi maganizo atsopano. Bambo anavomera msanga. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo chiyambire tchuthi chino akhala akunena kuti sukulu yandikwana, popeza abale a telala wina wa m'tsinde mwa phiri lomwelo anabwera kale kudzafunsira mbeta.

"Ndipita nawo," anatero amalume. "Ndikaone ndi maso angawa nzeru za sekondalezo. Zikakhala nzeru, ubwerera kusukulu. Zikakhala misala, sutikesi yako ija tizisungiramo nandolo."

Cha m'ma seveni tinakwera lole ya Mmwenye yonyamula matumba a nandolo. Mtengo unali sikisi, makobiri asanu ndi limodzi, munthu mmodzi, koma dalaivala anafunanso tiki, makobiri atatu, ya tenti yathu, ati katundu wotero ndi munthu ndithu. Tentiyo inali ziguduli zisanu ndi chimodzi zimene ine ndi mayi tinalumikiza ndi singano ya matumba.

"Kwagwanji kuphiriko, aphunzitsi?" anafunsa dalaivalayo.

"Palibe. Tikukagona," anayankha bambo.

"Nyumba yapsa?"

"Ayi."

Anatsitsa mawu. "Msonkho?"

"Ndinakhoma kalekale. Tikukapuma mpweya wabwino."

Dalaivala anayang'ana uku ndi uku. "Ku Namitambo watha?"

Amalume anandiyang'ana n'kufwenkha fodya.

Nayini koloko tinatsika, mafupa onse atagwedezeka, ndipo tinayenda pansi mpaka pamitengo ya mango pomwe kanjira ka kuphiri kamapatuka mumsewu. Pamenepo mayi wina anatigulitsa phava la nthochi ndi kobiri limodzi. Atamva kumene tinkapita anawonjezapo ziwiri, ati n'zotipepesa.

Apa ndiyenera kulemba chinthu chimene ndinachita ndekha. Aphunzitsi athu achizungu anatiwerengera m'buku kuti woyenda m'tchire wanzeru amasiya chizindikiro pamphambano iliyonse, kuti pobwerera asasochere, ndipo chizindikiro chabwino ndi nthambi yaiwisi yogoneka panjira. Popeza ndinkayenda pambuyo pa onse, tenti ili pamutu, ndinathyola nthambi ya mango n'kuiyala bwinobwino modutsa kanjirako. Mumtima munabwera kamawu kakuti kwathu masamba panjira amanena za maliro. Koma ndinadziyankha kuti kumeneko n'kumudzi, kuno n'kuphiri, ndipo buku silingalembe zinthu osaziganizira. Ndinatero pamphambano khumi ndi imodzi, ndipo palibe wa kwathu amene anatembenuka.

Masana tinapuma pakamtsinje n'kudya mbatata yophika ndi chinangwa. Bambo anali atavala tayi ndi nsapato za kutchalitchi, ati munthu sakwera phiri la boma ngati akupita kudimba. Nsapatozo tsopano zinali pakhosi, atazimanga ndi zingwe zake. Mayi, amene anasenza ketulo, mphika ndi mabulangete, ankangobwereza kuti, "Abambo a Esitere, ine ndinakwatiwa kuti ndizigona m'nyumba." Tili mkati mopemphera, nyani anatsika pathanthwe n'kutenga nthochi zonse, ndi zotipepesa zomwe.

"Musiyeni," anatero amalume. "Ulendo wotere eni ake ndi amenewa. Ife tangobwereka."

Cha m'ma fili koloko tinafika pakachidikha kamunsi pang'ono mwa nsonga. Ndinaiwala kutopa. Mulanje anali uko wabuluu ngati inki, Zomba uko, ndipo minda ya kwathu inaoneka ngati zigamba pa malaya a mlimi. Ndinauza amalume kuti zimenezi ndi zimene buku limati kukongola kwa chilengedwe. Iwo anati akuona bwino kwambiri, makamaka nyumba za anthu anzeru amene atsala pakhomo.

Tenti inagwa kawiri. Titaiimika kachitatu tinapeza kuti mungalowe munthu mmodzi yekha, ndipo mapazi ake ayenera kutsala panja. Amalume, monga wamkulu, analowamo, nagona chagada, n'kudzifunditsa bulangete mpaka kumutu chifukwa cha mphepo ndi ntchentche. Mayi anakoleza moto ndi nkhuni zaziwisi. Utsi unawalowa m'maso, matuza a kumapazi anaphulika, ndipo anakhala pansi atatambalala, nsalu kumutu, misozi ili chuchuchu, akuti, "Mayo ine, mayo! Ndalakwanji ine?"

Faifi koloko ndinamva nyimbo ikukwera phiri. Poyamba ndinayesa ndi mphepo. Kenaka anatulukira anthu, mmodzimmodzi, akutsata njira yanga ija mosaphonya. Anali ngati makumi atatu. Amayi anasenza ufa, nkhuni ndi nkhuku ziwiri. Abambo anali ndi zipewa m'manja. Anyamata anayi anali ndi makasu. Patsogolo panali mkulu wa mpingo wa Baptist, pambali pake mkulu wachisilamu wa kofiya yoyera, onse awiri akupuma movutika. Ataona mayi akulira, ndi mapazi a amalume atatulukira m'ziguduli, amayi aja anaponya mitolo pansi n'kuyamba kubuma.

Mkulu wa mpingo anagwira dzanja la bambo ndi manja awiri. "Pepani, bambo. Taona masamba. Koma n'chifukwa chiyani mwabwera nawo kutali chonchi? Ndi nthenda yopatsirana?"

"Masamba ati?" anafunsa bambo.

Ndisanatsegule pakamwa, bulangete linagwedezeka. Amalume anadzuka, tenti n'kuwagwera, ndipo anaimirira ziguduli zili kumutu akukuwa, "Akusokosa ndani? Munthu asagone?"

Sindinaonepo anthu achikulire akuthamanga chotero. Makasu anagwa, nkhuku imodzi inathawira kwa anyani, ndipo mkulu wa mpingo ndi wachisilamu uja anabisala kuseri kwa mwala umodzi atagwirana.

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, ndi kuwakhudza amalume kuti atsimikize, funso linali limodzi: anayala masamba ndani? Ndinaimirira monga timachitira m'kalasi, n'kufotokoza zonse, za mphambano, za buku, ndi za mabanja a ku Ulaya.

"Mwana iwe," anatero mkulu wachisilamu uja, "ine ndatseka sitolo yanga. Awa asiya fodya pa nazale osathirira. Ku Ulayako akafuna kunena kuti munthu wafa amayala chiyani?"

Ndinayankha moona kuti zimenezo sitinafikepo.

Pakati pa amayiwo panali mmodzi wamtali, amene anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinamuzindikira: anali azakhali a telala uja. Anafunsa amalume, "A Nampinga, mwana uja munkanena kuti ndi wofatsa ndi ameneyu?" Amalume anayang'ana ku Mulanje.

Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo palibe amene anafuna kukumana ndi kambuku potsika. Motero onse anagona nafe. Nkhuku yotsalayo inaphedwa, ufa wa pamaliro unaphikidwa, ndipo nyimbo zinaimbidwa zomwe zija, koma mofulumirako pang'ono. Amalume anapatsidwa chiwindi, ati poti ndiwo mwini zovuta. Abambo anagona kuzungulira moto wina, amayi wina, ndendende monga timachitira pasiwa. Bambo anandinong'oneza kuti sanadziwe kuti kugona panja kwa Azungu ifenso timakuchita kuyambira kale, kungoti ife timadikira chifukwa.

Loweruka m'mawa, tisanamwe n'tiyi yemwe, azakhali aja anaitanira amalume pambali, koma mawu awo anamveka phiri lonse. "Mawu athu aja tawabweza. Mwana wathu ndi wa mtima wochepa. Sangakhale ndi mkazi woika anthu m'manda akali moyo."

Potsika ananditsogoza ine, kuti ndizichotsa nthambi zanga ndi manja anga, anthu makumi atatu akuonerera. Zinalipo zonse khumi ndi imodzi, ndipo ndiyenera kulemba kuti sitinasochere ngakhale kamodzi. Pamitengo ya mango tinapeza anthu enanso asanu ndi atatu atakhala ndi mitolo ya nkhuni, akudikira kuti amve nthawi ya mwambo.

Lole sinabwere, choncho tinayenda pansi mpaka ku Namitambo. Njira yonse ine ndinkangoona sutikesi yanga itadzaza nandolo. Titafika pakhomo cha m'ma folo, anakhala pakhonde, naviika mapazi m'beseni, n'kundiitana.

"Iwe Esitere. Zimene ndaona ndi misala."

"Inde, amalume."

"Koma wokukwatira m'dziko lino palibenso. Nkhaniyi ifika ku Namadzi lisanalowe dzuwa." Anapukusa mutu. "Kusukuluko anakuchotsa nzeru za kuno, koma zawozo sanamalize kuikamo. Munthu sangakhale theka. Ubwerere akamalize."

Ndalemba izi sutikesi ili pambali panga, yolongedza kale. Buku silinaname: nthambi zimamubweza munthu kwawo. Linangoiwala kunena kuti njira ili ndi owerenga ena, amene anayamba kuiwerenga buku lisanabwere, ndipo akawerenga amasiya ntchito zawo n'kukwera phiri kudzalira munthu amene sakumudziwa n'dzina lomwe. Ndikafika kusukulu ndikawauza aphunzitsi athu mwaulemu kuti tsamba limenelo likonzedwe. Amalume akuti ndikawauzenso kuti iwo ali moyo.