Amalume Anakhoza Mayeso a Dzanja

Tinanyamuka ku Nsambe m'mamawa, ine ndi amalume anga a Fulaye, amene akalambira pa ganyu yopopera mankhwala m'minda ya eni ake ya tomato ndi kachewere. Dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera, koma iwo ankati n'kuzizira kwa m'mapiri. Kuzizira kwake kwa mu Okutobala! Titamva kutchalitchi kuti ku boma kwabwera madokotala akunja odzayeza anthu opopera, ndinawaumiriza kuti tipite. Ndinkafuna munthu wophunzira awauze zimene ine, mwana wa mlongo wawo, sindikanayerekeza kunena: kuti asiye sipuleya yopoperayo isanawamalize.

Wa kabaza wa njinga yamoto anatchula K12,000 tonse awiri. Amalume anamufunsa ngati akutigulitsa njingayo, koma tinakwerabe. Msewu wake ndi fumbi, miyala ndi zitunda, moti mano ankagundana okha.

“Waona, Esinati?” anakuwa amalume tili pamtsetse. “Pano tonse tikunjenjemera. Akamuyezenso dalaivalayu!”

Cha m'ma 9 koloko tinafika pa Neno boma, titayera ngati tachokera kuchigayo. Tinalowa m'tiyirumu ina pafupi ndi msika. Ine ndinaitanitsa tiyi wamkaka ndi mandasi, koma amalume, munthu amene tiyi samupatsa msana, anangoti mandasi okha akwana.

“Tiyi wanga wakulakwirani chiyani, bambo?” anafunsa mayi wogulitsa.

“Ndikupita kukalemba mayeso, mayi. Sindikufuna kumatulukatuluka.”

Ine ndinkadziwa chifukwa chenicheni. Kapu yodzadza sisunga chinsinsi.

Kuyezako kunkachitikira m'holo ya tchalitchi china. Dokotala anali mayi wachizungu waulemu zedi, woti popereka moni amawomba m'manja kuposa ife eni ake. Womasulira wake anatifotokozera monyadira kuti mayesowo anawakonzanso kuti agwirizane ndi chikhalidwe chathu. Zoonadi, mawu oti munthu aloweze anali mbuzi, khasu, mtondo ndi lichero. Amalume anawabwereza onse, n'kuwonjezerapo nkhwangwa yaulere.

Kenako anafika pamene ndinkadikira. Anawapatsa kachitsulo konga singano kuti akalowetse m'timabowo ta kabokosi, osakhudza m'mbali, chifukwa kakangokhudza kabokosiko kamalira. Amalume anakalandira ngati akulandira madzi kwa apongozi: dzanja lamanja kutsogolo, lamanzere litagwira pamkono. Ndipo lamanzerelo sanalichotsepo, linkachirikiza linzake mpaka mayeso kutha.

Womasulira anati awaletse, koma dokotala anafunsa tanthauzo lake. Atamva kuti kwathu ndi mmene timalemekezera wamkulu, nkhope yake inawala. Analemba m'kabuku kake mwachangu, n'kunena kuti mwambo wa munthu usasokonezedwe. Kabokosi kaja kanalira kamodzi kokha.

Ndinali pabenchi kumbuyo, ndipo mtima unandiwawa. Ndinatsegula pakamwa, amalume n'kundiyang'ana kamodzi. Kodi mwana angatsutse malume wake pamaso pa alendo? Ndinatseka pakamwa paja, n'kuthokoza nawo.

Cha m'ma 2 koloko anatipatsa fanta, bisiketi ndi ndalama yoyendera. Amalume anatenga yawo n'kulowa nayo m'shopu ya zaulimi, n'kutulukamo ndi botolo la mankhwala a tomato. Njira yonse yobwerera ankauza wa kabaza kuti azungu awapeza ndi dzanja la mnyamata.

Tinafika kwathu dzuwa litapendeka. Ulendowu unandiphunzitsa kuti mlendo akaphunzira ulemu wathu amasangalala nawo kwambiri, osadziwa kuti n'chimodzimodzi chitenje: timatchena nacho, timafunditsanso nacho bala. Ndinali ndisanavule n'komwe nsapato pamene amalume anandiitana kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe wotiona. Sipuleya inali kale pansi, yodzadza madzi.

“Esinati, tanditsegulira botololi. Chitsekerero chikunditerereka.”

Ndinalitsegula. Ndinawapatsira ndi manja awiri.