Kamtanda ka Mayi Aleyamma m'Mbale ya Zitsulo

"Ndolozo."

"Ndavula."

"Nanga m'tsitsimo?"

"Ndi kaphini kamodzi chabe."

"Kamodzi komweko kakwana kuboola diso la mwana. Bwerera, mwanawe."

Umu ndi momwe ndinadziwirana ndi Mayi Aleyamma Varkey, amene tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata ya parishi ino, ngakhale akudziwa kuti ku Misa ndimafika Uthenga Wabwino utawerengedwa kale.

Anabadwira ku Pala, m'banja losauka lokolola utomoni wa mitengo ya labala. Mlongo wawo wamng'ono, Kuriachan, ankagwa khunyu ndipo sanalankhulepo mawu. Iwo ndiwo ankamunyamula m'chiuno kupita naye kutchalitchi, mvula kaya dzuwa. Atamwalira mwanayo, anatsala ndi funso limodzi: m'mutu mwake munali chiyani? Anakana amuna onse amene makolo anawapezera, nabwera kuno ku Bengaluru kudzaphunzira za ubongo wa ana. Anakalambira pantchito imeneyo, akufufuza momwe ubongo wa khanda umakulira. Ophunzira awo anawapitirira maudindo, ndipo nthawi zina dzina lawo linkasowa pa kafukufuku amene anamukhetsera thukuta. Sanadandaule. Ankangoti, "Mwana watuluka bwino m'makina ojambulira? Basi, talipidwa."

Ine ndinapita kwa iwo ndikufuna kuti andikonzekeretse maphunziro apamwamba. Ubongo ndinkauona ngati ndagi ina yongofunika munthu wochenjera, ndipo wochenjerayo ndinali nditamupeza kale pagalasi.

"Masamu ukuwadziwa," anatero. "Chimene sunaphunzire ndi kuopa."

Makina athu ojambulira ubongo ndi maginito aakulu amene sazimitsidwa. Chitsulo chikayandikira chimauluka ngati chipolopolo kulowa mumphako momwe mwagona khanda. Tsono kwathu kuno mwana akakwanitsa mwezi timamumanga kaunyolo m'chiuno ndi m'miyendo, ndipo agogo ena amasokerera kakiyi m'nsalu kuti mizimu yoipa isayandikire. Kaunyoloko amavula. Za kakiyi sanena.

Woyamba amene anandipatsa kuti ndimufufuze ngati ali ndi chitsulo anali Anandu, khanda lonenepa limene linali litagona litangoyamwa. Mayi wake, amene anabwera ndi agogo a mwanayo, analumbira kuti zonse wachotsa. Ndinapapasa thewera, chipewa, kenako mpendero wa nsalu yomukulungira, ndipo chala changa chinagunda kanthu kolimba. Tinali pakhomo penipeni pa chipinda cha makina. Ndinang'amba mpenderowo, ndinatulutsa kakiyi.

"Agogo, kiyi wa nyumba iti ameneyu?" anafunsa Mayi Aleyamma. "Mdzukuluyu wamanga kale?"

"Inu sekani," agogowo anayankha. "Mukamuvula zonse, amuteteza ndani m'dzenjemo?"

Mayi Aleyamma anavula kamtanda ka m'khosi, ka malemu mayi awo, nakaika m'mbale imodzi ndi kakiyi kaja.

"Zanu ndi zanga zidikire limodzi pano. Ine ndilowa naye, ndimugwira phazi mpaka titathe. Amene amalowa nafe, maginito samukoka."

Agogowo sanali Mkhristu, koma anailandira mbaleyo ndi manja awiri naikhazika pamiyendo.

Kuyambira pamenepo mantha sanandichoke. Ndinkapapasa mipendero ya nsalu ngakhale za ana a eni m'basi, ndi maso. Mayi Aleyamma anandiphunzitsa kuwerenga zithunzi, kulemba zomveka, kudikira mwana amene wakana tulo osamukwiyira. Anandiuza kuti ndidzakhala wokonzeka tsiku limene ndidzalowetse khanda ndekha. Tsikulo ndinkalizengereza, ndipo iwo ankanamizira kusaona.

Matenda atawagoneka, ndinkawapititsira phala la mpunga. Ankadya pang'ono, lotsalalo n'kundikakamiza ine.

"Ukuopabe?"

"Kwambiri, Aphunzitsi."

"Zikomo Ambuye. Ukadzasiya kuopa ukatsegule kanyumba ka tiyi."

Anandiveka kamtanda kaja okha. Atalandira mafuta oyera anapempha kuti titsegule zenera, ndipo anatsikira kuli chete masana, kolona ili m'manja, ngati mmodzi wa makanda awo akamagona tulo. Atisiyira chitsanzo cha munthu amene ankafufuza mpendero uliwonse ngati kuti Mulungu kulibe, kenako n'kupemphera ngati kuti sanafufuze konse.

Lolemba ndinalandira mwana ndekha, kamtsikana dzina lake Ishani. Ndinakafufuza mobwerezabwereza mpaka mnzanga woyendetsa makina anakhosomola. Ndinavula kamtandako, ndinakaika m'mbale pambali pa kaunyolo ka mwana. Mawu a Mayi Aleyamma ndinkawadziwa onse pamtima, koma sindinawatchule, chifukwa sindinadziwe ngati ndi anga.

Mayi wa mwanayo anayang'ana mbale, anandiyang'ana ine, nakumbatira mwana wake pachifuwa.

"Amayi okalamba aja kulibe. Ndiye alowa ndi ndani?"