Mbalame pa pepala la ba Twaibu

Ba Twaibu amakhala kuseri kwa mpope wathu kuno ku Chawama. Ndi Myao wa ku Mangochi. Anabwera ku Lusaka ali mnyamata, nagwira ntchito pa fakitale ya mabulangete mpaka chaka chija makina anaima, antchito onse nauzidwa kuti akadikire kunyumba. Anzawo anayamba kugulitsa makala. Iwo anadula bango, nalisongola, nabwerera ku luso limene anaphunzira kwa amalume awo ali mwana: kulemba mawu a Kurani ndi dzanja.

Inki amapanga okha ndi mwaye wa koloboyi ndi utomoni. Mtundu wonga golide amautenga ku chikasu. Asanagwire bango amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, kenaka amakhala pamphasa, thabwa pabondo, nkumalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, milomo ikugwedera. Ngakhale mkazi wawo abwere kuchokera pamzere wa ufa akulalata kuti wathera pamaso pawo, iwo sadzutsa mutu mpaka mzere wawo utatha.

Ine ndine Moven. Sukulu ndinalekezera Giredi Naini, koma kujambula ndimatha, ndipo aliyense amene anametedwapo tsitsi kwa ba Mukupa anaona mitu ya anthu imene ndinajambula pakhoma pawo. Maso a ba Twaibu atayamba kuchita nkhungu, anandiitana kuti ndiziwakongoletsera m'mphepete mwa mapepala. Popeza ndine Mkhristu, ntchito yanga imayamba pepala lili loyera. Mawu akangolembedwa sindiligwiranso. Sindinadandaule nazo. Chimene chinandiwawa nchakuti anaitananso Sampa.

Sampa ndi mwana wa aneba athu, wosakonda kulankhula, amene ntchito yake yonse ndi kukoka mizere ndi rula. Kabokosi, mkati mwake kabokosi kena, mkati mwakenso kanyenyezi. Tsiku lonse! Koma ba Twaibu akaona amati, “Uyu ali na mutima wodeka.” Akaona zanga amangoti ndichepetseko utoto.

Ndiye kunabwera ba Alihaji, Msenegali wogula miyala yobiriwira, pa galimoto ya Pijo yoyera imene ana onse a m'komboni anaithamangira. Ankafuna sura imodzi ya Kurani yolembedwa bwino, mphatso ya mwana wawo wamkazi pa ukwati wake, dzina lawo lilembedwe kumapeto ndi chikasu monga ankachitira mafumu akale. Anabweretsa mapepala okhuthala ochokera kunja, ochepa zedi, pa nthawi imene ngakhale kope la kusukulu silipezeka m'masitolo. Ananenanso kuti amene akongoletse tsamba loyamba adzamutenga kuti akapente makoma a sitolo yawo ku Kamwala.

Ba Twaibu anatipatsa pepala limodzi aliyense. Anati maluwa, masamba, mizere, zimene mtima wafuna.

Ndinasuzumira kwa Sampa. Timabokosi take tomwe tija, koma nthawi ino tinkalukana ngati dengu. Ndinati uyu sandipitirira. Ndinajambula mpesa wozungulira tsamba lonse, ndipo pamwamba, pakati penipeni, ndinaikapo mbalame yotambasula mapiko, nthenga iliyonse payokha, diso lake lowala ngati likuphethira. Sindinajambulepo chinthu chokongola chotero.

Ba Alihaji atabwera, ndinaimirira pafupi ndi khomo kuti andione bwino. Anatenga tsamba langa, naliyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka pang'ono nkufunsa ba Twaibu ngati mbalameyi ndiyo idzawerenge sura. Ba Twaibu sanaseke. Anandikokera pambali, nandiuza motsitsa mawu kuti pa tsamba la Kurani sipajambulidwa chamoyo chilichonse, kaya munthu, kaya nyama.

“Nanga simunaniuze bwanji, ba Shehe?”

“Mwana wanga, kwathu ivi na kamwana kadziwa. Ninaiwala kuti ndiwe wa chalichi cha Dachi.”

“Sampa nayenso ni wa chalichi!”

“Sampa anafunsa.”

Ndinatembenuka kumuyang'ana. Anali akutsuka burashi, maso pansi, ngati nkhaniyo siikumukhudza. Tinakhala pamphasa imodzi masiku onsewo, mbalame yanga ikukula iye akuona, osatsegula pakamwa. Iye akuti ankaganiza kuti ndikudziwa. Ine sindikhulupirira.

Ba Twaibu analemba pa tsamba la Sampa. Ndinaona bango likuyenda pakati pa timabokosi tija, ndipo sindinganame, mawuwo anakhalamo bwino. Dzina la ba Alihaji linalembedwa kumapeto. La ba Twaibu silinalembedwe paliponse, ndipo nditawafunsa anati Amene ayenera kudziwa akudziwa kale. Mwina kwa iwo nzokwanira. Kwa ine ayi.

Tsopano m'mawa uliwonse Sampa amapita ku Kamwala atavala ovolosi yatsopano, ndipo Lachisanu Pijo imamutula pa mpope, atsikana otunga madzi akuona. Ine ndikadali pamphasa, ndikusakaniza mwaye. Ba Twaibu sanandithamangitse. Tsamba lija anandibwezera, nati dzanja ndili nalo, ndilisunge.

Ndinalikhoma pamwamba pa bedi langa. Mbalame ili pomwepo, mapiko ali tambalala, pansi pake pali poyera popanda liwu ngakhale limodzi. Ba Mukupa akufuna kuti ndilembepo mitengo yometera tsitsi. Ndawakaniza.