Kodi Idzaima pa Mkuyu?

Mkazi wanga.
Mwana wathu wachiwili, amene sanapume.
Nyumba ya zipinda ziwili pamudzi wa kwawo, imene njelwa zake ndinaumba ndekha.
Dimba la nthochi kumunsi kwa mudziwo.
Kudzuka m'nyumba imodzi ndi mwana wanga wamkazi.
Munthu wondiseka.

Izi ndi zimene ndinataya m'mwezi umodzi. Ndazilemba pamwamba pano kuti ndisamazibwelezebweleze. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi china, ndipo ndi chaching'ono.

Ndinafika ku Nyimba zaka zochepa dziko litalandila ufulu, nditangomaliza kukoleji ya aphunzitsi. Dalaivala wa basi imene ndinakwela, bambo wonenepa wokonda kukoloweka thaulo m'khosi, sanandifikitse pamasitolo. Anaimika pansi pa mkuyu waukulu m'mbali mwa msewu, nati kusukulu kwanga kufupika ndikatsikila pamenepo. Pamkuyupo panali amai ogulitsa nthochi. Basi itachoka, mmodzi wa iwo, mtsikana wamtali, anayang'ana mapazi anga kwa nthawi.

"Nsapato izo ndi zoyendela kapena ndi zoonetsa?"

"Zoyendela," ndinatelo.

"Ndiye vulani. Njila ya kusukulu ili ndi mtsinje."

Ndinavula. Patapita chaka ndi theka ndinamukwatila, ndipo monga mwa mwambo wa kwawo, ndinakamanga pamudzi wa amai ake. Sanasiye kunditchula kuti aphunzitsi, ngakhale titakhala ndi mwana.

Masiku amenewo mabasi anali a anthu ndi a makampani, ndipo ankaima pamene dalaivala anazolowela. Palibe analembapo kuti pamkuyu ndi poimila. Koma dalaivala wa thaulo uja akafika pamwamba pa chitunda ankaliza hutala katatu, amai n'kudzuka pamizu ya mtengo, malichelo ali pamutu. Anthu ankagula mapava a nthochi kudzela pamawindo, ena n'kutsika kukawongola miyendo. Ineyo dalaivalayo ankandisiyila nyuzipepala ya dzana, yopindidwa pakati pa nthochi zotsala m'lichelo la mkazi wanga.

M'nyuzipepala imeneyo ndi mmene ndinkatsatila mkangano wa aphungu ku Lusaka. Boma linkafuna kuti migodi, masitolo akuluakulu ndi mabasi zikhale m'manja mwake. Ine ndinali kumbali ya boma ndi mtima wonse, ndipo mpaka lelo sindinganene kuti ndinalakwa zonse. Mkuwa unkakumbidwa kwathu koma phindu lake linkadyedwa kutsidya kwa nyanja. Tinali ndi mbendela yathu, koma sopo tinkagula kwa mlendo. Ndikaweluka ndinkakhala pakhonde n'kumamasulila mkazi wanga zimene aphungu anena, iye akuvundika nthochi m'dengu ndi masamba ouma.

"Lelo atani aphungu anu?" ankafunsa asanatembenuke n'komwe.

Tsiku lina ndinamuuza kuti ena akuti boma silingathe kugulitsa zinthu, chifukwa kalaliki wa boma amalandila malipilo ake kaya kwabwela wogula kaya ayi.

"Amene akutelowo anagulitsako chiyani?"

"Sindidziwa."

"Nanga amene akuti boma lingathe?"

"Nawonso sindidziwa."

"Ndiye onsewo ndi aphunzitsi ngati inu."

Mkangano uli mkati, phungu wa dela lathu anabwela kudzamva maganizo a anthu. Msonkhano unali Loweluka m'mawa pabwalo la sukulu. Ahedi anandiuza kuti ndikhale pathebulo pafupi ndi phunguyo, ndizilemba m'Chingelezi zimene anthu akunena, kuti pepalalo lipite naye ku Lusaka. Ndinavala tayi. Mkazi wanga anavala chitenje chake cha kutchalitchi, ndipo ndinaganiza kuti wavalila ine.

Abambo analankhula za migodi, imene ambili a iwo sanaionepo. Wina amene anagwilako ntchito ku Kitwe analankhula nthawi yaitali, anthu n'kumuombela m'manja. Ndinalemba masamba atatu. Phungu atafunsa ngati kumbali ya amai kuli mawu, amai anayang'anana. Kenako ndinaona mkazi wanga akupatsila amai ake mwana, n'kuimilila.

Analankhula m'Chinsenga, manja atawagwilizanitsa kutsogolo.

"Ine langa ndi limodzi, bambo. Basi ikakhala ya boma, kodi idzaima pa mkuyu?"

Anthu anaseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza, koma anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Aphunzitsi, yankhani, ndi za kunyumba kwanu izo!" Phungu anamwetulila, nati funso lililonse ndi lofunika, ndipo anagogoda pepala langa ndi chala.

"Lembani, aphunzitsi."

Ndinaganiza za anthu a masuti ku Lusaka akuwelenga za mtengo umene sudziwika ngakhale pamapu, pansi pake pali dzina langa. Ndinalemba kuti amai a m'delali akupempha kuti kayendedwe ka anthu kakhale kabwino. Chinali chiganizo chosalala, ndipo phungu atachiona anagwedeza mutu.

Masana titafika kunyumba, mkazi wanga anavula chitenje chija n'kuchipinda bwinobwino.

"Mawu anga munawalemba bwanji? Ndiuzeni mmene amvekela m'Chingelezi."

Ndikanatha kumunamiza, pakuti sankawelenga Chingelezi. Koma sindinamunamizepo, ndipo sindinadziwe poyambila. Ndinamuuza chiganizocho, n'kuchimasulila.

"Si zimene ndinafunsa."

"Ndi zomwezo, kungoti ndinazikonza."

"Zinali zothyoka?"

"Ku Lusaka sangakhale pansi kukambilana za mkuyu."

"Akanakana okha. Inu munawakanila."

Anatenga ndowa n'kupita kumadzi. Atabwela anandifunsa ngati ndikufuna madzi osamba, monga masiku onse. Nkhaniyo sanaiyambitsenso.

Lamulo linavomelezedwa. Tinamva pawailesi ya ahedi, ndipo ine ndinasangalala. Patapita miyezi mabasi anayamba kubwela opakidwa mtundu umodzi. Ndinene zoona: anali abwino kuposa akale. Sankafela panjila kawilikawili, sankapanikiza anthu ndi mbuzi pamodzi, ndipo munthu ankadziwa nthawi yofika ku Petauke. Koma poimila panali polembedwa, ndipo kwathu kunalembedwa malo amodzi, pasiteshoni ya pamasitolo. Nthawi zina m'basimo munkakwela woyang'anila, wa kabuku m'thumba la malaya, woona ngati dalaivala akusunga malamulo.

Dalaivala wathu anamulemba ntchito, n'kumuveka yunifolomu. Thaulo sanalisiye. Akafika pachitunda ankalizabe hutala katatu, n'kudutsa pamkuyu dzanja lili m'mwamba. Sabata yoyamba amai ankadzukabe pamizu paja, malichelo ali pamutu, n'kutsala akuphethila m'fumbi. Sabata yachiwili anayamba kupita kusiteshoni, ulendo wa ola lathunthu ndi katundu. Okalamba analeka. Mkazi wanga ankanyamuka m'mawa, dengu pamutu, mwana kumbuyo, n'kukapeza amai a pamasitolo atatenga kale malo a kutsogolo.

Sanandinene. Ndikanakonda akanandinena. Kamodzi kokha, ndikumuthandiza kutula dengu, anandiyang'ana ndi diso lake lija loseka.

"Kayendedwe ka anthu kakhala kabwino, aphunzitsi. Onani mmene ndikuyendela."

Ndinalemba kalata yopita kwa phungu, ndipo m'menemo ndinaika funso lake monga analifunsila. Ndinamuwelengela.

"Iyo ndiyo yanga," anatelo. "Mutumiza liti?"

"Mailo."

Mailo amenewo, tsiku lotsatila lija, sanafike. Inali nthawi imene zipani zinali kutha, kutsala chimodzi, ndipo ndinadziuza kuti mphunzitsi wodandaula za basi ya boma angaoneke wotsutsa. Palibe anandiopseza. Ahedi sanaione n'komwe kalatayo. Inakhala m'buku langa lokonzela maphunzilo mpaka m'mphepete mwake munafiila.

Chaka chotsatila, nthawi ya dzinja, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwili, anayamba kutaya magazi. Linali Lachitatu, ndili m'kalasi. Pofika kunyumba ndinapeza apongozi anga atayesa zimene ankadziwa, ndipo anangonena kuti, "Kuchipatala, ku Minga." Panjinga sakanatha kukhala. Ine ndi mlamu wanga, mlongo wake, tinamanga bulangeti pamitengo iwili n'kumunyamula, apongozi akutsatila ndi kamtolo ka nsalu. Mtsinje uja unali utadzaza mpaka m'chiuno.

Tinatulukila pamsewu pamkuyu, pakuti njila ya kumudzi imathela pamenepo. Basi yochokela ku Lusaka inali pafupi kufika. Kusiteshoni sitikanaipeza, ndipo ina inali ya tsiku lotsatila. Mlamu wanga anafuna kuti tithamange nayebe. Mkazi wanga anakana ndi dzanja, n'kuloza muzu waukulu umene ankakhalapo kale. Tinamugoneka pamenepo, mutu uli pamiyendo ya amai ake. Udzu unali utamela pamene kale panali poyela ndi mapazi.

Hutala inalila pachitunda. Kamodzi, kawili, katatu.

Ndiyenela kulemba ichi monga chinalili. Sindinalowe pakati pa msewu. Ndinaima m'mbali, dzanja lili m'mwamba pang'ono, ngati mwana amene sakudziwa bwino yankho. Ndinkalidziwa lamulo lija kuposa aliyense pamenepo, ndipo ndinali nditaliombela m'manja. Anthu ambili ankaimika basi motelo tsiku lililonse, iyo n'kudutsa.

Dalaivala sanayang'ane ine. Anayang'ana pamuzu, monga ankachitila nthawi zonse, ndipo anaona kuti munthu amene kwa zaka ankadzuka akamva hutala lelo sanadzuke. Basi inapitilila mtengo pang'ono, n'kuima mabuleki akulila. Kenako inabwelela chambuyo.

Woyang'anila analimo tsiku limenelo. Anali mnyamata wa msinkhu wanga, wooneka kuti nayenso anapita kusukulu. Anafika pachitseko kabuku kali kale m'manja.

"Apa si poimila, adalaivala."

"Ndaona, bwana."

"Mudziwa kuti ndiyenela kulemba."

"Lembani. Mulembenso kuti ndinabwelela chambuyo, musaiwale." Anatsika, n'kugwada pafupi ndi mkazi wanga. "Amai a nthochi, mwatani? Ine kuliza katatu konse, inu osadzuka?"

"Lelo zatha, bambo," anayankha. "Mubwele mailo."

Woyang'anila anayang'ana bulangeti lija, n'kuona mmene linalili. Anabweza kabuku m'thumba, nauza anthu a pampando wautali wa kutsogolo kuti asunthe. Iye ndiye anagwila kumiyendo pomukweza. Ngati analemba pambuyo pake, sindidziwa. Dalaivalayo ndinamuonabe pamsewu umenewo zaka ziwili zotsatila.

Ku Minga anamulandila msanga, ndipo anachita zonse zimene akanatha. Amuna tinkadikila panja. Amai ake ndiwo analowa naye, ndipo akuti analankhula nawo zambili, za mwana wathu wamkulu, za chitenje chimene adzamupatse akakula. Mkazi wanga anamwalila tsiku lotsatila dzuwa lili pamutu. Ine anandilowetsa atatseka kale maso.

Malilo atatha, abale ake anandimasula mwaulemu kuti ndichoke pamudzi. Mwana ndi wa kwa amai ake, ndipo anatsala ndi agogo ake ndi amalume ake. Sindinatsutse, pakuti mwambowo ndinaudziwa tsiku limene ndinaumba njelwa yoyamba. Ndinapempha kuti andisamutsile ku Petauke. Loweluka ndimakwela basi kukamuona. Imadutsa pamkuyu osaima, ine n'kutsikila pasiteshoni, n'kubwelela wapansi ola lathunthu. Kalata ija ndinaitumiza patapita mwezi chimwalilile. Yankho silinabwele, ndipo sindikudandaula, pakuti inafika lamulo litakhazikika kale. Nthawi yake inali Loweluka lija pabwalo la sukulu, cholembela chili m'dzanja langa.

Mwana wanga wayamba kufunsa za amai ake. Apongozi amamuuza za kuchipatala. Ine ndilibe za kuchipatala. Zanga zinathela m'basi, isananyamuke, injini ikunjenjemela pansi pa mpando. Ndinali nditagwada pakati pa mipando, dzanja langa lili pansi pa mutu wake. Pawindo pankaoneka nthambi za mkuyu. Anaziyang'ana, kenako anayang'ana ine. Milomo yake inali itayela, koma diso lija linali lomwelo limene linayang'ana nsapato zanga. Anandikoka tayi kuti ndiwelame.

"Aphunzitsi, mulembe kuti yaima. Musakonze."